MIMBA SIDIKIRA MLIRI: ZIMENE MABANJA A KU CHITIPA ADAPHUNZIRA M'ZAKA ZA KORONA

Pa zinthu zonse zimene boma lingathe kuimitsa pa nthaŵi ya mliri, chilipo chimodzi chimene sichimvera lamulo la munthu. Sukulu zimatsekedwa, maola a misika amachepetsedwa, maukwati amaimikidwa kufikira chaka china, ndipo ngakhale zipata za m'malire a maiko zimatsekedwa. Koma mwana amene ali m'mimba mwa mai wake, miyezi yake ikakwana, amabwera ndithu, kaya kunja kuli mtendere kaya kuli mliri. Izi ife a kuno ku Chitipa tidaziona ndi maso athu m'zaka za 2020 ndi 2021, pamene nthenda ya Covid-19, imene ambiri tinkangoitcha korona, idasokoneza moyo wa anthu pa dziko lonse lapansi.

Bungwe loona za umoyo la World Health Organization lidalengeza pa 5 Meyi, 2023 kuti nthendayi siilinso ngozi yadzidzidzi ya maiko onse. Komabe nkoyenera kuti makolo ndi achinyamata tikhale pansi ndi kukumbukira m'mene amai oyembekezera, makanda ndi ana athu aakazi adadutsira m'masiku amenewo, pakuti mliri suodira pobwera, ndiponso sutsazika popita. Phunziro lalikulu ndi ili: chimene chidaika amai pa ngozi sichidali kachirombo kokha ai, komanso mantha amene adatalikitsa mudzi ndi chipatala, ndi kutalikirana kumene kudasiya mai ali yekha pa nthaŵi imene ankafuna anthu koposa.

M'mene zidayambira

Nthendayi idayamba kumveka ku Wuhan m'dziko la China kumapeto kwa 2019. Pa 20 Malichi, 2020, mtsogoleri wa dziko lino, a Peter Mutharika, adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo pa 23 Malichi sukulu zonse zidatsekedwa. Kusonkhana kwa anthu opitirira 100 kudaletsedwa, ngakhale pa mapemphero, pa ukwati ndi pa maliro. Za anthu atatu oyamba kupezeka ndi kachiromboka m'Malaŵi tidazimva pa 2 Epulo, ndipo onsewo adali a ku Lilongwe.

Pakati pa mwezi womwewo boma lidalengeza m'bindikiro wa masiku 21, kuyambira pa 18 Epulo kufikira pa 9 Meyi. Ochita malonda m'misika ya ku Mzuzu ndi ku Blantyre adachita zionetsero, poopa kuti njala idzaŵapha korona asanaŵapeze. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition lidakadandaula ku Bwalo Lalikulu la Milandu, ndipo pa 17 Epulo woŵeruza Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso choimitsa m'bindikirowo. Motero Malaŵi sadatsekeredwe m'nyumba monga m'mene zidaliri ku South Africa ndi ku Zimbabwe, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito.

Komatu tisanene kuti sitidabindikire konse. Ana adakhala pakhomo miyezi yoposa isanu. Kuchezerana kudachepa, kugwirana chanza kudaletsedwa, ndipo zipatala zidachepetsa anthu oloŵa kukazonda odwala. Mliriwu udabweranso ndi ukali mu Januwale 2021, pamene nduna ziŵiri za boma, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zidamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale. Patapita masiku oŵerengeka, a Lazarus Chakwera, amene adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko mu Juni 2020, adatsekanso sukulu, adachepetsa osonkhana kufika pa 50, naletsa kuyendayenda kuyambira 9 koloko usiku kufikira 5 koloko m'maŵa. Pomafika kumapeto a mliriwu, Amalaŵi oposa 2,600 adali atalembedwa kuti afa nawo.

Boma la pakati pa malire aŵiri

Kuti timvetse m'mene zinthuzi zidakhudzira mabanja a kuno, tiyenera kuyamba takumbukira pamene tidakhala. Boma la Chitipa, limene kale linkatchedwa Fort Hill, lili kumapeto kwenikweni kwa dziko lino. Kalembera wa 2018 adapezamo anthu 234,927. Chakumpoto mtsinje wa Songwe umatilekanitsa ndi Tanzania, ndipo chakumadzulo tidachita malire ndi Zambia. Koma malire ameneŵa adalembedwa pa mapu, osati m'magazi a anthu. Alambya, Andali, Anyika, Anamwanga ndi mitundu ina ali ndi abale mbali zonse, kotero kuti si chachilendo kuona mkazi wokwatiŵa ku Kameme amene mai wake womubala ali kutsidya kwa Songwe.

Maiko atatuŵa sadayende njira imodzi polimbana ndi mliri. Ku Tanzania boma lidaleka kulengeza chiŵerengero cha odwala, ndipo mu Juni 2020 mtsogoleri wao, a John Magufuli, adanena kuti korona watha m'dzikomo. Ku Zambia chipata cha Nakonde chidatsekedwa kwa kanthaŵi kuyambira pa 11 Meyi, 2020, atapeza odwala ambiri m'tauniyo. Tsono banja limodzi linkamva mau atatu osiyana: kwao kwa mkazi akuti nthenda kulibe, kwa amalume akuti yafika poipa, pa wailesi ya kwathu akuti valani zotchinga pakamwa. Mai woyembekezera, amene mwa chikhalidwe chathu amamvera apongozi, amai ake ndi mwamuna wake, ndiye adali pakati pa mphepo zonsezi.

Tionjezepo za mtunda. Msewu wa phula wochokera ku Karonga udafupikitsa ulendo wofika pa boma, koma wochokera ku Nthalire, ku Wenya kapena m'mapiri a Misuku amadziŵa kuti kukafika ku chipatala chachikulu cha boma ndi ulendo wa maola, makamaka m'nyengo ya mvula. Zipatala zazing'ono za m'maderaŵa zimachiritsa amai ambiri, koma mai wofunika opaleshoni kapena kuikidwa magazi ayenera kutumizidwa kutsogolo, ndipo nthaŵi zina mpaka ku chipatala chachikulu cha Mzuzu.

Kuchedwa kutatu

Odziŵa za uchembere amaphunzitsa kuti amai ambiri amene amafa pochira amafa chifukwa cha kuchedwa kwa mitundu itatu. Koyamba ndi kuchedwa kugamula pakhomo kuti tipite ku chipatala. Kwachiŵiri ndi kuchedwa pa njira. Kwachitatu ndi kuchedwa kulandira thandizo atafika kale. Mliri wa korona udakulitsa kuchedwa konse kutatu.

Pakhomo padali mantha. Mphekesera zidawanda m'dziko muno zoti amene wapita ku chipatala ndi chifuŵa amutsekera kwa yekha, ndipo akafa abale sadzaona nkhope yake. Ena ankanena kuti azachipatala ndiwo akufalitsa nthendayi, mpaka anamwino ena m'mizinda ankakanizidwa kukwera minibasi. Mai amene adamva zotere ankayamba kuŵerengera kuti bola kujomba ku sikelo mwezi uno, bola kudikira matenda ayambe ali pakhomo. Chikhalirecho, ku sikelo nkumene amayeza kuthamanga kwa magazi, amaona m'mene mwana wagonera, amapereka mankhwala oonjezera magazi, fansida woteteza ku malungo, neti yogonamo, ndiponso ma ARV kwa amai amene ali ndi HIV kuti mwana abadwe wopanda kachiromboko. Kuyambira 2016 a World Health Organization amalangiza kuti mai aonedwe kasanu ndi katatu pa mimba imodzi. Ulendo uliwonse wojombedwa udali khomo lotsekulira ngozi imene sioneka ndi maso.

Pa njira padalinso zovuta zake. Miyezi yomweyo imene korona ankaloŵa, m'maboma a kumpoto ndi ena a pakati mudabuka mphekesera za anamapopa. Anthu ankagona panja, ankatchinga miseu usiku, ndipo alendo ena osalakwa adaphedwa ndi magulu a anthu. Wa kabaza amene kale ankadzuka pakati pa usiku kukanyamula mai wodwala adayamba kuganiza kaŵiri. Chaka chotsatira lamulo loletsa kuyenda usiku litabwera, cholinga chake chidali kuletsa kuyendayenda kwa macheza, osati ulendo wa wodwala. Koma si onse adalimva motero. Matenda a uchembere amakonda usiku, ndipo mai amene wayamba kutaya magazi atachira akhoza kumwalira pa maola aŵiri okha ngati palibe thandizo. Wotereyu sangadikire kuti kuche.

Ku zipatala nako anamwino adali oŵerengeka ndiponso otopa. Mu Epulo 2020 ogwira ntchito m'zipatala zingapo za boma adanyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera. Tisaiŵale kuti mzamba sangachiritse mai ataima patali mamita aŵiri. Amagwira thupi, amapuma mpweya umodzi ndi wodwala usiku wonse, kenaka nkubwerera kwa ana ake. Ambiri a ana amene adabadwa m'masiku amenewo adalandiridwa ndi manja a anthu olimba mtima otereŵa, ndipo ayenera kuthokozedwa.

Chimene chidali pa chiswe ndi ntchito ya zaka zambiri. Kafukufuku wa boma wa 2004 adapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amai 984 ankamwalira. Wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti chiŵerengerocho chatsika kufika pa 439, ndipo ana 91 mwa 100 aliwonse ankabadwira ku chipatala. Kutsika kumeneku kudadza chifukwa mafumu, azaumoyo ndi mabanja adagwirizana kuti kuchirira pakhomo kuthe. Mantha a miyezi yochepa akadatha kugwetsa nkhokwe imene tidaimanga zaka makumi aŵiri.

Ku chidikiro

Mwambo wathu ngwakuti mai sapita yekha kukachira. Amaperekezedwa ndi apongozi ake aakazi, kapena amai ake, kapena mlamu, ndipo iwoŵa amamuphikira, amamuchapira, namulimbitsa mtima. A kutali amapita msanga, mwezi wachisanu ndi chinai ukangoyamba, kukakhala ku chidikiro pafupi ndi chipatala, atanyamula ufa, nyemba, nkhuni, beseni ndi zitenje.

M'masiku a korona mwambo uwu udakumana ndi funso lovuta. Nthendayi inkapha kwambiri okalamba ndi amene ali ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo agogo amene ali ndi nzeru zonse za uchembere ndiwo adali pa ngozi yaikulu m'chithinano cha pa chidikiro. Nayenso mai woyembekezera, monga adapezera madokotala m'maiko ambiri, akadwala korona amadwalika koposa mnzake wopanda pakati, ndipo mwana akhoza kubadwa masiku asanakwane. Nanga aperekeze ndani?

Mabanja anzeru adapeza yankho pogaŵana ntchito. Agogo adatsala pakhomo kusunga ana, ndipo mai wina wa mphamvu zake, mlamu kapena mchemwali, ndiye adapita. Ena otsala ankatumiza ufa ndi ndiwo, naima panja pa mpanda kufunsa za wodwala. Apa ndi pamene abambo ambiri adaona kuti uchembere si nkhani ya amai okha. Bambo sangaloŵe kumene akuchirira amai ena, koma ndiye angagulitse thumba la nyemba kapena khofi kuti ndalama ya ulendo ikhale ili pambali, ndiye angapangane ndi wa njinga yamoto mwezi usanakwane, ndiponso ndiye angayankhe apongozi mwaulemu kuti, “Pepani amai, mpongozi wanuyu tipite naye lero lomwe.” Mutu umodzi susenza denga, koma pa denga la uchembere, mutu wa bambo unkasoŵa kaŵirikaŵiri, ndipo mliri udauitana.

Nzeru ya chikuta

Pamene mau akuti m'bindikiro adayamba kumveka pa wailesi, ena adayesa kuti ndi chinthu chachilendo chochokera kwa Azungu. Koma makolo athu ankachidziŵa bwino. M'masiku a nthomba, isanathe pa dziko lonse mu 1980, wodwala ankamumangira msasa kunja kwa mudzi, ndipo amene adadwalapo kale nthendayo ndiye ankamuperekera chakudya. Ndiponso m'mitundu yambiri ya m'Malaŵi mai akachira amakhala m'chikuta kufikira mchombo wa mwana utagwa, osatuluka kupita ku chitsime kapena ku msika, ndipo si munthu aliyense amaloledwa kunyamula khandalo.

Taonani tsono kusiyana kwake. M'chikuta mai amapatulidwa, koma satayidwa. Wina amamutungira madzi, wina amamuŵiritsira osamba, wina amamuphikira phala la maŵere kuti mkaka utuluke, wina amatsira nkhuni pa moto kuti khanda lisazizidwe, makamaka m'chisanu cha Juni ndi Julaye chimene a kuno timachidziŵa. Khomo limakhala lotseka kwa alendo, koma mudzi wonse umagwirira ntchito munthu amene ali m'katimo. Kubindikira kwa korona kudavulaza pamene anthu adatenga theka loyamba la nzeruyi nasiya theka lachiŵiri, ndiye kuti adatalikira mai wochira koma osamutumikira. Mai amene wachira kumene, amene sakugona tulo, amene palibe womufunsa kuti mwadzuka bwanji, akhoza kugwidwa ndi chisoni chachikulu chosadziŵika chiyambi chake, mpaka kulephera kusamala mwana. Imeneyi ndi nthenda yodziŵika kwa madokotala, si ulesi kapena mwano ai, ndipo mankhwala ake oyamba ndi anthu.

Padalinso funso loti mai wodwala korona ayamwitse kapena ai. Malangizo a World Health Organization adali omveka: ayamwitse ndithu, atasamba m'manja ndi sopo ndi kuvala chotchinga pakamwa ndi pamphuno, ndipo asalekanitsidwe ndi mwana wake, popeza ubwino wa mkaka wa m'maŵere umaposa kutali chiopsezo cha kachiromboko. Khanda lobadwa masiku osakwana liikidwe pa chifuŵa cha mai, khungu kukhudza khungu, monga amaphunzitsira anamwino. Mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi. Chimodzimodzinso katemera wa ana sayenera kudikira mliri: wa chifuŵa chachikulu ndi wa poliyo pobadwa, ena pa masabata 6, 10 ndi 14, ndi wa chikuku pa miyezi 9. Mu Febuluwale 2022 boma lidalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, nthenda imene tinkayesa kuti idatha, ndipo ichi chidatikumbutsa kuti nthenda zakale zimangodikira mpata.

Katemera wa korona adafika m'dziko muno pa 5 Malichi, 2021, ndipo pomwepo padabuka mphekesera yoti amaumitsa mkazi kuti asabereke. Mphekeserayo idalibe umboni, ndipo pambuyo pake azaumoyo adalangiza kuti amai oyembekezera ndi oyamwitsa nawonso abaidwe. Safunsa adadya phula. Funso lotere malo ake ndi kwa namwino kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, osati kwa uthenga wa pa foni umene sitidziŵa adaulemba ndani.

Mimba zimene sizidayenera kukhalapo

Tsopano tifike pa chilonda chimene chidatsalira mliri utapita. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi, 2020. A Sitandade 8 ndi a Fomu 4 adabwerera pa 7 Seputembala, ndipo ena onse pa 12 Okutobala. Kafukufuku amene boma lidachita pa nyengo imeneyo adapeza atsikana oposa 40,000 atatenga pakati, ndiponso maukwati a ana okwana pafupifupi 13,000 m'dziko lonse. Ife aphunzitsi sitidasoŵe kuŵerenga malipoti kuti tidziŵe zimenezi. Kaundula wa m'kalasi ndiye adatiuza, pamene tinkaitana maina ena koma osamva woyankha.

Nchifukwa chiyani zidatero? Sukulu si malo ophunzirira kuŵerenga ndi masamu kokha. Ndi mpanda umene umasunga mwana kuyambira m'maŵa kufikira masana, ndipo imamupatsa chifukwa chokanira. Mtsikana wa Sitandade 7 akafunsiridwa amatha kuyankha kuti ali pa sukulu. Mpanda uja utachotsedwa, ndipo palibe amene ankadziŵa tsiku lotsekulira, ena adayesa kuti sukulu yatheratu. Maphunziro ankaulutsidwa pa wailesi, koma si khomo lililonse lili ndi wailesi ndi mabatire. Malonda a m'malire atachepa, ndalama zidasoŵa m'nyumba, ndipo thandizo la K35,000 pa mwezi limene boma lidalonjeza lidali la okhala m'mizinda. Kuno kumene ukwati umadza ndi maloŵolo, ng'ombe za mkamwini zidaoneka ngati chipulumutso kwa banja la njala. Atsikana ena adatumidwa kukagulitsa zinthu ku msika mpaka madzulo, ndipo amene adaŵapatsa mimba nthaŵi zambiri sadali anyamata anzao okha, komanso amuna aakulu a ndalama m'thumba.

Thupi la mtsikana wa zaka 14 kapena 15 silidakhwime. Njira ya mwana imakhala yopapatiza, matenda amatalika, ndipo mapeto ake akhoza kukhala opaleshoni, kutaya mwana, nthenda ya fisitula imene imachititsa mkodzo kumangotuluka wokha, kapena imfa imene. Choopsa china nchakuti mtsikana wotere amabisa mimba chifukwa cha manyazi, nayamba sikelo mochedwa, kapena kumwa zitsamba mwamseri.

Inu makolo, malamulo a dziko lino ngomveka. Kuyambira mu 2017, pamene malamulo aakulu a dziko adakonzedwa, palibe ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomereza. Ndiponso kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene wachira kubwerera ku sukulu. Madzi akatayika saoleka, inde. Koma mwana si madzi. Alipo atsikana amene adabwerera m'kalasi agogo atatsala ndi khanda, ndipo adalemba mayeso nakhoza. Kumpitikitsa pakhomo kapena kumkankhira ku banja ndiko kuonjeza chilango pa mwana amene wavulala kale.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana, kumbukirani kuti tchuthi chilichonse chimatha, ngakhale chija chidaoneka chopanda malekezero chidatha. Amene adadikira adapeza desiki lao lili pomwepo. Mnyamata amene amapatsa mtsikana mimba nkuthaŵira ku Tunduma kapena ku Mzuzu asadziyese wochenjera, pakuti wasiya mwana amene tsiku lina adzafunsa dzina la bambo wake.

M'nyumba ndi mu mpingo

Kukhala pamodzi tsiku lonse kudaulula za m'nyumba zambiri. Kumene kudali chikondi, ana adaona bambo ao akuphunzitsa masamu pa khonde, nadya pamodzi monga banja. Kumene kudali moŵa ndi ukali, mai woyembekezera adasoŵa kothaŵira, popeza ngakhale kwa ankhoswe anthu ankaopa kupitako. Kumenya mkazi ndi mlandu nthaŵi zonse, koma kumenya mkazi wapakati ndiko kuika miyoyo iŵiri pa imfa.

Mipingo nayo idayesedwa. Mu Ogasiti 2020 chiŵerengero cha osonkhana chidatsitsidwa kufika pa 10, ndipo atsogoleri a mipingo adadandaula kufikira lamulolo lidafeŵetsedwa. Maubatizo a makanda adachedwa, ndipo maulendo a amai a Umanyano okaona mnzao wochira, atasenza nkhuni, ufa ndi sopo, adachepa. Koma amene adafunitsitsa adapeza njira. Mtolo wa nkhuni ukhoza kutulidwa pa bwalo, ndowa ya madzi ikhoza kusiyidwa pa khomo, ndipo moni ukhoza kuperekedwa munthu ataima pa mtunda. Lamulo lidaletsa kuthithikana, silidaletse chifundo.

Zoti tisunge

Korona atangochepa, kolera idabuka mu Malichi 2022 ndipo idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tsono sitikunena za zinthu zimene sizidzabweranso. Banja lililonse lisunge mfundo izi:

1. Mai ayambe sikelo m'miyezi itatu yoyamba, ndipo asajombe ngakhale kunja kuli mliri. Ngati pali malamulo atsopano a ku chipatala, funsani mlangizi wa zaumoyo.

2. Mwezi wachisanu ndi chiŵiri usanathe, banja likhale litagwirizana za malo ochirira, woperekeza, wonyamula usiku ndi ndalama ya ulendo. A kutali apite msanga ku chidikiro.

3. Aliyense pakhomo, ndi abambo omwe, adziŵe zizindikiro zoopsa: kutaya magazi, mutu waukulu ndi kusaona bwino, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kubanika, kusweka kwa nsupa nthaŵi isanakwane, ndi mwana kuleka kugunda m'mimba. Chimodzi mwa izi chikaoneka, nyamukani nthaŵi yomweyo, usana kapena usiku. Musadikire wachibale amene ali kutali kuti adzapereke chilolezo, ndipo musamwetse mai mwanamphepo kapena zitsamba zina zofulumizitsa matenda.

4. Mafumu ndi akulu a mipingo agwirizane kuti pa nthaŵi ya chipwirikiti chilichonse, njira ya mai wodwala ikhale yotsekuka, ndipo onyamula odwala adziŵike m'mudzi.

5. Mai wochira atetezedwe kwa alendo ochuluka, koma asasoŵe madzi, nkhuni, chakudya ndi womucheza.

6. Sukulu zikatsekedwa, makolo adziŵe kumene mwana ali ndi amene ali naye. Mabuku asaikidwe m'sutikesi. Ikhalepo nthaŵi yoŵerenga tsiku lililonse, ndipo ana a makomo oyandikana athandizane. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ana amene adabadwa m'chaka cha 2020 sakumbukira zotchinga pakamwa kapena ndowa zosambira m'manja zimene zidali pa khomo la sitolo iliyonse. Adzamva kwa ife. Tidzaŵauze zoona: kuti adabadwa m'masiku a mantha, ndipo kuti adakhala ndi moyo chifukwa padapezeka bambo amene adasunga ndalama ya ulendo, mlamu amene adagona pa simenti ku chidikiro, mzamba amene sadathaŵe ntchito, ndi mnansi amene adatula nkhuni pa bwalo. Mliri wina ukadzafika, iwo ndiwo adzakhale makolo, ndipo adzachita zimene tidaŵaphunzitsa.